Mmene mungapezere ndi kuzindikira oriole, mbalame yachikasu yokonda kunsonga kwa mitengo

Ngati mukufuna kuona oriole muyambe ndi makutu, maso abwere pambuyo. Zikumveka zachilendo eti, chifukwa mbalameyi ndi yachikasu chowala kwambiri moti mungaganize kuti muiona muli kutali, koma ayi ndithu, imakhala pamwamba penipeni pa mtengo mkati mwa masamba momwe dzuwa likulowa mwa apo ndi apo, nde chikasu chija chimangosakanikirana ndi kuwala kwa masambawo basi mbalame yasowa. Alipo anthu ambiri amene amaimva m'mawa ulionse kwa zaka koma sanaionepo, olo kudziwa kuti mluzu wokoma uja mwini wake ndani.

Musanatuluke mudziwe kaye kuti mukusaka chani. Ma oriole enieni ndi a banja lotchedwa Oriolidae, ndipo mu gulu la Oriolus muli mitundu pafupifupi 30 yomwe imapezeka ku Africa, ku Europe, ku Asia mpaka ku Australia. Mukalemba oriole pa intaneti mudzaonanso zithunzi za mbalame zamtundu wa olenji za ku America monga Baltimore oriole, zimenezo zisiyeni, ndi banja lina lake ndipo si abale n'komwe, angofanana dzina. Kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa amene mungakumane nawo kawirikawiri ndi atatu. Woyamba ndi wa mutu wakuda, black-headed oriole, dzina lake la sayansi Oriolus larvatus, ameneyu amapezeka kuchokera cha ku Ethiopia kutsika mpaka ku South Africa ndi kumadzulo mpaka Angola, ndipo m'madera ambiri amakhala chaka chonse. Wachiwiri ndi African golden oriole, Oriolus auratus, amene amasamukasamuka mkati mwa Africa momwemu kutsatira nyengo. Wachitatu ndi mlendo wochokera kutali, Eurasian golden oriole, Oriolus oriolus, amene amaswana ku Europe ndi kumadzulo kwa Asia n'kubwera ku Africa kuthawa chisanu cha kwawoko. Maina a sayansiwa mulembe penapake, si zodzionetsera ayi, amathandiza pofufuza chifukwa dzina lachingerezi limasintha buku ndi buku pomwe la sayansi limakhala lomwelo paliponse.

Choyamba, kulira kwake

Apa ndiye pagona nkhani, musathamangirepo. Oriole wa mutu wakuda amaimba mluzu wofewa, wozama, waufupi koma womveka patali, ndipo mawu ake amatsetsereka ngati madzi akutuluka m'botolo la pakamwa pang'ono. Pena amangoti "kliiyuu" kamodzi n'kukhala chete, pena amalumikiza mawu atatu kapena anayi, chinachake ngati "pu-du-liiyo", kenako chete kanthawi n'kubwerezanso. Si nyimbo yaitali yopotapota ngati ya timbalame tina, iye amaponya kachidutswa n'kupuma, kuponya kena n'kupuma. Ndipo akakwiya kapena akadzidzimuka amatulutsa mawu ena oipa zedi, okalipa, "kweeer", moti simungakhulupirire kuti ndi mbalame yomweyo.

Kulemba mawu a mbalame ndi zilembo ndi bodza pang'ono, aliyense amamva zake, nde bola mumvere nokha. Pa intaneti pali xeno-canto, malo amene anthu a maiko osiyanasiyana amaikapo mawu a mbalame omwe anajambula, mungolemba Oriolus larvatus muona ambirimbiri. Palinso apu ya Merlin Bird ID ya a Cornell Lab of Ornithology yomwe ili ndi zithunzi ndi mawu omwe, mumadawunilodi paketi ya dera lanu ndipo ikatero imagwira ntchito olo netiweki palibe. Mverani kangapo madzulo, mverani musanagone, kenako yesani kuimba mluzuwo nokha ndi pakamwa. Ndikunena zoona, mluzu umene mwaimbapo nokha suiwalika msanga, ndipo oriole ndi imodzi mwa mbalame zosavuta kutsanzira.

Chenjezo limodzi pano. Nthengu imatsanzira mbalame zina ndipo pena imatha kukupusitsani, komanso pali mbalame zina zamluzu wozama monga grey-headed bush-shrike, koma iyo mluzu wake ndi umodzi wautali wachisoni, "huuuuu", sukwera kapena kutsika. Wa oriole umapindika, umakwera n'kugwa. Mukamva mluzu wowongoka, si iyeyo.

Ma oriole awiri a golden aja nawonso amaimba mluzu wofanana ndi umenewu, kusiyana kwake ndi kochepa ndipo poyamba musadzivute nako. Chofunika kudziwa n'choti wa ku Europe uja akakhala kuno kumalo othawirako chisanu saimba kwambiri ngati mmene amachitira kwawo nthawi yoswana, nde iyeyo nthawi zambiri mumamupeza mwangozi mukuyang'ana mbalame zina.

Chachiwiri, malo ake

Musakataye nthawi pa dambo, m'munda wa udzu kapena pa zitsamba zifupizifupi. Oriole amafuna mitengo italiitali ya masamba otakata yomwe nthambi zake zapamwamba zayandikana kuti azidumpha kuchoka mtengo uwu kupita uwo osatsika pansi. Nkhalango za miombo ndi kwawo kwenikweni, makamaka kwa African golden. Mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje ndi malo ena abwino kwambiri chifukwa imakhala ndi masamba ngakhale m'chilimwe pomwe ina yonse yayoyoka. Wa mutu wakuda ndi wosasankha kwenikweni, amalowa m'mapaki, m'minda ya maluwa ya m'tauni momwe muli mitengo ikuluikulu, m'mphepete mwa nkhalango zowirira, olo m'mitengo ya bulugamu yodzala anthu. Mkati mwenimweni mwa nkhalango yowirira yamdima si mokonda iye, kumeneko kuli abale ake ena.

Njira yachidule ndi kutsata chakudya. Amadya mbozi kwambiri, kuphatikizapo zaubweya zija zomwe mbalame zambiri zimazipewa, ndipo mukamuona wagwira mbozi yaikulu amaimenyetsa panthambi kangapo asanameze. Amadyanso ziwala, tizilombo touluka ndi zipatso zofewa. Nde mukapeza mkuyu kapena kachere amene nkhuyu zake zapsa, khalani pomwepo, musayendenso. Mtengo umenewo umakoka mbalame zamitundumitundu ndipo oriole ngati ali m'deralo afika ndithu, kaya pakapita theka la ola kaya ola lathunthu. Maluwa a aloe ndi maluwa ofiira a mitengo ya Erythrina nawonso amamukoka chifukwa cha timadzi totsekemera, ndipo ubwino wa aloe ndi woti ndi wamfupi, mbalame ija imakakamizika kutsika n'kuonekera poyera. Ine ndimaona kuti mwayi wabwino koposa wa munthu woyamba kumene uli pamenepo, pa aloe wamaluwa, chifukwa simupweteka khosi ndipo mumaona mtundu wake wonse dzuwa likuwala bwino. Pena mumuona kumaso kwake kwachita chikasu kapena olenji chifukwa cha ufa wa maluwa, musasokonezeke n'kuganiza kuti mwapeza mtundu wina.

Madzi nawo. M'nyengo yotentha amatsika kudzamwa ndi kusamba, nde kadziwe kamene kali pansi pa mitengo ndi malo oyenera kudikirira.

Nthawi yake ndi m'mamawa, kuyambira kutangocha mpaka maola awiri kapena atatu dzuwa litatuluka. Masana kukatentha mbalame zambiri zimangokhala duu. Tsiku lamphepo lisiyeni, masamba onse amakhala akugwedezeka nde simungaone kuti chagwedezeka ndi mbalame kapena mphepo, komanso mawu samveka komwe akuchokera. Kum'mwera kwa equator miyezi yabwino ndi kuyambira Seputembala mpaka cha mu Febuluwale chifukwa ndi nthawi yoswana ndipo amaimba pafupipafupi. Mlendo wa ku Europe uja amapezeka kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi kapena Epulo, nde mukaona oriole mu Juni kapena Julayi kum'mwera kuno mutha kumuchotsa kale pa mndandanda, ameneyo nthawi imeneyo ali kwawo akulera ana.

Chachitatu, zonyamula

Sizambiri. Ma binoculars (magalasi oonera zinthu zakutali), kanotibuku ndi pensulo, foni yotchaja bwino, madzi akumwa, chipewa. Zovala zikhale zosawala, zobiriwira, zotuwa kapena za khaki, malaya oyera mbee amakuululani muli kutali.

Pa ma binoculars pamalembedwa manambala awiri, mwachitsanzo 8x42. Yoyambayo ikutanthauza kuti chinthu chimaoneka pafupi ka 8, yachiwiriyo ndi kukula kwa galasi lakutsogolo, mamilimita 42. Anthu ambiri amathamangira nambala yaikulu poganiza kuti 12 kapena 16 ndiye zabwino, koma m'mitengo zimenezo zimakupwetekani chifukwa mumaona kadera kochepa ndipo manja akangonjenjemera pang'ono chithunzi chonse chimavina. Kwa mbalame ya m'masamba ngati iyi 8x42 ndi yokwana, 8x32 ndi yopepuka ndipo nayo ili bwino, 10x42 ngati manja anu ndi okhazikika.

Muwatchere maso anu musanapite kutchire, ambiri sachita zimenezi nde amangodandaula kuti mutu ukupweteka. Sankhani chinthu chosayenda chapatali pang'ono, tsekani galasi lakumanja ndi dzanja, zungulizani kawilo kapakati mpaka diso lamanzere lione bwinobwino. Kenako tsekani lamanzere, kawilo kapakati musakagwirenso, zungulizani kamphete kamene kali pa diso lakumanja mpaka nalo lione bwino. Mwatha. Kuyambira pamenepo mumangogwiritsa kapakati kaja basi. Ngati mumavala magalasi, timakapu ta kumaso tija mutipinde kapena kutitsitsa.

Opanda ma binoculars musagwe ulesi, oriole ndi wamkulu ndithu, masentimita 20 mpaka 24 kutengera mtundu, wokulirapo ndi wonenepa kuposa pumbwa, ndipo pa mtengo wazipatso kapena pa aloe amaoneka ndi maso okha. Kungoti kusiyanitsa ma golden awiri aja kudzakuvutani.

Chachinayi, mwamumva, ndiye mutani

Imani. Musathamangire kunsi kwa mtengo, kumeneko ndiye kulakwitsa kofala, chifukwa mukaima pansi penipeni mumangoona masamba ndi thambo lowala kumbuyo kwake, mbalame ikaoneka imaoneka yakuda bii ngati chithunzithunzi ndipo khosi limayamba kuwawa pasanathe mphindi zisanu. Bwererani m'mbuyo mpaka muone nsonga ya mtengo wonse musanapendeketse mutu kwambiri, ndipo zungulirani mpaka dzuwa likhale kumsana kwanu. Kuwala kukamachokera kumbuyo kwanu mitundu imaoneka yeniyeni.

Kenako dikirani aimbenso. Mluzu wa oriole umanamiza mtunda, pena mumaganiza ali mtengo wachitatu pomwe ali pamutu panu, pena zosiyana. Ikani zikhatho kumbuyo kwa makutu n'kutembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka mawu amveke mwamphamvu, kumeneko ndiye muyang'ane. Ngati muli awiri imani motalikirana, aliyense aloze komwe akumva, pomwe zala zanu zakumana ndi pomwepo.

Musasake mtundu wachikasu, sakani kugwedezeka. Yang'anani nsonga ya mtengo ndi maso okha, osalunjika pa tsamba limodzi, mpaka muone kanthambi kakugwedera kapena tsamba likugwa popanda mphepo. Mukaona, maso asachoke pamenepo, kwezani ma binoculars kuwabweretsa kumaso osati kuweramitsa mutu kuwafuna. Mukangoyang'ana pansi kamodzi mwataya malo. Izi zimafuna kuyeserera, nde yeserani kunyumba pa chinthu chilichonse, nsonga ya denga kaya nthambi, mpaka manja azolowere.

Nthawi zambiri kumuona koyamba kumakhala akuuluka kuchoka mtengo wina kupita wina. Amauluka mwachangu, mokwera ndi kutsika pang'ono monga amachitira gogomole, ndipo akafika pa mtengo amakwera n'kulowa m'masamba. Mutsatireni ndi maso mpaka pomwe walowera, dikirani pamenepo, sachedwa kusuntha. Ndipo mukaona gulu la mbalame zosiyanasiyana zikuyenda limodzi m'mitengo kusaka tizilombo, liyang'aneni bwino gululo, ma oriole amalowa nawo nthawi zina.

Nkhani yoliza mawu a pa foni kuti mbalame ibwere, ine sindiikonda. Imagwira ntchito inde, wamphongo amabwera msanga, koma amabwera poganiza kuti mdani walowa m'dera lake, nde amasiya kudya kapena kudyetsa ana n'kumasakasaka mdani amene kulibe. M'malo ena otetezedwa n'zoletsedwa kumene. Kuimba mluzu ndi pakamwa kamodzi kapena kawiri n'kumva akuyankha ndi kosangalatsa ndipo sikuvuta kwambiri, koma akayankha musiyeni, makamaka nthawi ya mazira.

Chachisanu, mwamuona, ndi uti

Muli ndi masekondi ochepa, nde muyang'ane motsatana: mlomo, mutu, diso, phiko. Buku kapena foni zidikire, muzitsegula mbalame itapita.

Mlomo ndiwo ukuuzani ngati ndi oriole n'komwe. Wamkulu amakhala ndi mlomo wautali ndithu, wolimba, wopindika pang'ono kunsonga, wofiirira cha ku pinki. Izi n'zofunika chifukwa mbalame imene imasokoneza anthu kwambiri ndi tchete. Atchete aamuna ambiri nthawi yoswana amakhala achikasu ndi nkhope kapena mutu wakuda, ena maso ofiira, ndipo munthu woyamba kumene amakuwa kuti ndamuona oriole. Koma tchete ndi wamng'ono, mlomo wake ndi waufupi, wonenepa, wakuda, wothyolera mbewu, ndipo ambiri amakhala pagulu akusokosera pa zisa zawo zolendewera. Oriole amayenda yekha kapena awiri, saluka mudzi wa zisa. Pumbwa naye ali ndi mutu wakuda koma thupi lake ndi lotuwa, chikasu chili kunsi kwa mchira kokha.

Mutu. Ngati mutu wonse ndi wakuda, kutsika pakhosi mpaka pamwamba pa chifuwa, pamimba chikasu chowala, kumsana chikasu chobiriwirako, diso lofiira, ameneyo ndi wa mutu wakuda ndipo mwatha. Pa phiko lake pali kadontho koyera ndipo nthenga zazitali zili ndi m'mphepete motuwa. Wamphongo ndi wamkazi amafanana, nde musavutike kuwasiyanitsa.

Ngati mutu ndi wachikasu, ndiye muli ndi mmodzi mwa ma golden, ndipo apa yang'anani mzere wakuda wa pa diso. Kwa African golden mzerewo umachokera pa mlomo, kudutsa pa diso n'kupitirira kumbuyo kwake cha kukhutu. Kwa wa ku Europe umachokera pa mlomo n'kuthera pa diso pomwepo, kumbuyo kwa diso ndi chikasu chokhachokha. Kenako phiko litsimikize. La wa ku Europe ndi lakuda pafupifupi lonse, kupatula kachigamba kachikasu kakang'ono, moti mbalameyo imaoneka yamitundu iwiri yodulidwa bwino, chikasu ndi chakuda. La African golden nthenga zake zakuda zili ndi m'mphepete mwachikasu motakata, nde akapinda phiko limaoneka lachikasu kwambiri kuposa lakuda. Ine ndimadalira phiko kuposa diso chifukwa phiko ndi lalikulu, limaoneka olo mbalame ili kutali kapena yatembenuka.

Zimavuta ndi zazikazi ndi ana, ndipo pano musachite manyazi kulemba kuti oriole basi osatchula mtundu. Wamkazi wa ku Europe ndi wobiriwira kumsana, kunsi kwake kotuwa moyererako ndi timizere takuda totsika, chikasu chimaoneka m'mbali ndi kunsi kwa mchira. Wamkazi wa African golden ndi wachikasu kwambiri kuposa ameneyo, mzere wa kumbuyo kwa diso ulipo koma wozimiririka, ndipo m'mphepete mwa nthenga za phiko mumakhalabe chikasu. Mwana wa wa mutu wakuda mutu wake sunade bwino, uli ndi timizere tachikasu, pachifuwa pali mawangamawanga ndipo mlomo ndi wakuda osati wofiira. Mwana wotereyu amasokoneza zedi, koma kawirikawiri makolo ake amakhala pafupi, dikirani muone amene akumubweretsera chakudya.

Malo amene muli nawonso amadula mndandanda. M'nkhalango za m'mapiri a ku Kenya, Uganda, Rwanda ndi Burundi muli montane oriole amene naye ali ndi mutu wakuda, kusiyana kwake kuli pa nthenga zapakati pa mchira, zake ndi zakuda pomwe za black-headed uja ndi zobiriwirako. Ku mapiri a Ethiopia kulinso mtundu wina wakumeneko. Ndipo kuli wina wosowa wa mutu wobiriwira ndi mapiko otuwa, green-headed oriole, amene amapezeka m'nkhalango zochepa chabe za kum'mawa kwa Africa, anthu amayenda maulendo ataliatali kukamuona pa phiri la Gorongosa ku Mozambique. Nde musanalengeze kuti mwaona chachilendo onani mapu a mbalameyo kaye. Mbalame zimasochera inde, koma kawirikawiri yomwe mwaona ndi yofala ija.

Za chisa

Mukakhala ndi mwayi mudzaona wina wanyamula kansalu ka ndere zotuwa zija zomera pa nthambi za mitengo, kapena udzu, akulowera malo amodzimodzi mobwerezabwereza. Chisa cha oriole ndi kakapu kozama kolendewera pakati pa mphanda ya kanthambi kopingasa, kutali ndi thunthu, cha kunsonga komwe nyama zolemera sizingafike, ndipo nthawi zambiri chimakhala mamita 6 kapena kuposa kuchokera pansi. Amachimanga ndi ndere, udzu ndi timitsitsi, n'kumangirira ndi ulusi wa kangaude, nde mukachiyang'ana kuchokera pansi chimangooneka ngati ndere zomwe zinamera pomwepo. Wa mutu wakuda amaikira mazira awiri kapena atatu, amawafungatira pafupifupi milungu iwiri, ndipo ana amakhala m'chisa milungu ina iwiri kapena kupitirira pang'ono, makolo onse awiri akuwadyetsa.

Mukachipeza imani kutali ndipo musachedwepo. Chizindikiro choti mwayandikira kwambiri n'chosavuta, kholo lafika ndi mbozi kukamwa koma silikulowa, likungodumphadumpha n'kumalira mokalipa muja. Mukaona zimenezo bwererani m'mbuyo mpaka lilowe. Osakwera mtengo, osathyola nthambi kuti chithunzi chituluke bwino, ndipo osaima n'kumaloza nthawi yaitali chifukwa akhwangwala ndi anyani amaona komwe anthu akuyang'ana. Mukaika chithunzi pa intaneti malo enieni a chisa musawatchule.

Chomaliza kuchita mbalame ikapita ndi kulemba, pomwepo, musanatsegule buku kapena apu. Chifukwa chake n'choti mukangoona chithunzi cha m'buku ubongo umayamba kukunamizani, mumayamba kukumbukira zinthu zomwe simunazione. Lembani tsiku, nthawi, malo, mtundu wa mtengo ngati mukuudziwa, anali pamwamba bwanji, anali yekha kapena awiri, amadya chani, mlomo unali wotani, mzere wa pa diso unathera pati, phiko linali lotani. Chimene simunaone lembani kuti sindinaone. Jambulani kachithunzi ndi pensulo olo kakhale koipa, mazira awiri olumikizana, limodzi mutu lina thupi, n'kuika mivi yolozera mitundu, zimakwana.

Foni imathandiza kwambiri pa mawu kuposa pa chithunzi. Kamera ya foni ikajambula mbalame ili pamwamba pa mtengo mumangopeza kadontho, koma mukatsegula rekoda kapena vidiyo n'kukhala chete masekondi 30 mumagwira mluzu womveka bwino woti munthu wodziwa atha kuuzindikira. Kumapeto kwa rekodiyo nenani tsiku ndi malo ndi pakamwa kuti musadzaiwale. Ena amagunditsa kamera ya foni pa diso la ma binoculars n'kujambula, zimatheka koma zimafuna mbalame yodekha, nde yambani mwaiona bwino ndi maso kenako muyese zimenezo. Ma apu ozindikira mawu kapena zithunzi amalakwitsa ndithu, makamaka ku madera komwe mbalame zake sizinajambulidwe kwambiri, nde zomwe yanena apu muzitenge ngati maganizo a mnzanu, mutsimikize nokha ndi mlomo, mutu ndi phiko.

Ngati mukufuna kuti zomwe mwaona zithandize ena, lowetsani pa eBird, malo a pa intaneti omwe anthu amalembapo mbalame zomwe aona, yomwe inayamba mu 2002 ndipo ndi yaulere, kapena pa SABAP2, ntchito yolemba mapu a komwe mbalame zimapezeka, ngati muli m'maiko a kum'mwera kwa Africa omwe ntchitoyi imafikako, iyo inayamba mu 2007. Ma oriole atatu amenewa pakadali pano sali pa chiopsezo chotha malinga ndi mndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse loona za kuteteza zachilengedwe, koma moyo wawo wonse uli pa mitengo italiitali, nde dera likadulidwa mitengo yake ikuluikulu amachokamo, ndipo zolemba za anthu wamba ngati inu ndi zomwe zimaonetsa kuti anasiya liti kumveka pamalopo, komanso tsiku lomwe alendo a ku Europe aja amafika chaka ndi chaka. Polowetsa muike chiwerengero chenicheni chomwe mwaona, ndipo ngati munangomumva osamuona lembaninso choncho, zimawerengedwa.

Mukabwerera pa mtengo womwewo masiku otsatira yesani kufika nthawi yofanana. Wa mutu wakuda amakhala ndi dera lake ndipo amakonda kudutsa mitengo yomweyomweyo, nde pakatha sabata mudzakhala mukudziwa kuti amayambira mtengo uti, amathera uti, ndi nthambi iti yomwe amakonda kuimbirapo, ndipo mudzayamba kuima pamalo oyenera dzuwa lili kumsana iye asanafike.